Msonkhano Wachikasu

Amayi Halo anayamba ntchito pa kampani ya malole onyamula katundu Lolemba, pa 3 Malichi 1997, ali ndi mwana woyamwa kunyumba ndi diresi limodzi loyenera kupita nalo ku ofesi. Anawaika pa foni. Tsiku lonse linali "Halo, halo, dikirani pang'ono, halo," mpaka madalaivala anawapatsa dzina limenelo, ndipo linawakakamira ngati chisoso pa nsalu. Ngakhale amuna awo, atelala amene ankasoka pakhonde la nyumba yawo, akafuna kuwaputa ankawaitana choncho.

Kuchoka pa foni anapita pa makina otaipira, kuchoka apo pa kompyuta. Sukulu ya zimenezo sanapiteko. Anaphunzira mwa kulakwitsa, kukalipiridwa ndi kubwereza. Pamene kampani inkaika imelo ndi kalendala ya pa kompyuta, iwo anali atakwera kale masitepe kukakhala mlembi wa Bwana, m'chipinda cha pamwamba pa galaja. Fungo la dizilo linkalowera pawindo. Kunja kwa chitseko chawo kunali benchi yathabwa, yosalala chifukwa cha anthu odikira, ndipo kuseri kwa desiki yawo kunali chitseko china cha galasi losaonetsa zam'kati. M'menemo ndimo munkakhala Bwana.

Bwanawo anali ndi nthenda imodzi: sankafuna kuona nkhope ya munthu wofuna kanthu. Kasitomala wobweretsa ntchito ankamuthamangira mpaka pa geti. Koma dalaivala wopempha tchuthi, makaniko wodandaula za jeke wothyoka, wosesa wofuna magolovesi, amenewo ankawaona ngati ntchentche m'kapu ya tiyi. Kukana pamaso sankatha, kuvomera sankafuna. Tsono anakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wofuna kuonana nawo azipempha nthawi kudzera pa kalendala, imene wantchito aliyense ankatha kuiona. Ukapeza mpata wopanda kanthu, upemphe. Atalengeza zimenezo anaitana Amayi Halo, natseka chitseko.

"Mipata imeneyo isamapezeke," anatero. "Mwandimva, amayi?"

Anawamva. Misonkhano yeniyeni anaipatsa mtundu wofiira, maulendo wobiriwira. Paliponse potsala ankaikapo msonkhano wachikasu, wa mutu umodzimodzi: "Kuunika ntchito." Msonkhano umenewo unalibe munthu, unalibe mpando, unalibe tiyi. Pa nthawi yake Bwana ankakhala atavula nsapato, akuwerenga nyuzipepala kapena kuonera mpira pa foni. Maimelo nawo anawalambulira njira yawoyawo: iliyonse yokhala ndi mawu akuti tchuthi, pempho kapena dandaulo inkangogwera yokha m'foda yotchedwa "Zodikira," osafika pamaso pa Bwana.

Tisawanamizire, Amayi Halo sanali munthu wouma mtima. Lachisanu lililonse ankatsegula foda ija, kusankhamo zimene zikupsa, kudikira Bwana amwe kapu yachiwiri, kenako n'kuwaikira pamaso. "Iyi ndi ya maliro, bwana, dinani." Bwana ankadina osawerenga. Koma tisawayeretsenso. Ambiri anachoka pa benchi ija manja ali lende. Panali dalaivala wina wamtali, wodwala msana, amene anakwera masitepe amenewo akugwiririra khoma kuti akapemphe kuchotsedwa pa maulendo ataliatali. Amayi Halo anamutembenuzira sikirini. "Onani nokha, bambo. Ali pa msonkhano mpaka madzulo." Iye anayang'ana chikasucho, anayang'ana chitseko cha galasi, natsika.

Pa 1 Febuluwale 2023 kunabwera mlembi watsopano, mayi wa masatifiketi ake, wovala nsapato zazitali zolira kho kho kho, mwakuti madalaivala sanachedwe kumutcha Nsapato. Amayi Halo anauzidwa kuti atsikira pansi, pa desiki yolandirira alendo, pafupi ndi khomo la galaja. Chifukwa chake sanauzidwe. Anangouzidwa kuti asanatsike amuphunzitse mnzawoyo ntchito.

Anamuphunzitsa bwinobwino, ngakhale mano anali gwa.

"M'mawa usayambe ndi kuyankha, mng'ono wanga. Yamba wawerenga zonse uone amene akupsa ndi amene akungofuka utsi. Imelo yotumizidwa kwa anthu ambiri usaiyankhe kwa onse, udzalira. Ukakwiya lemba, koma usatumize usanamwe madzi. Msonkhano wobwerezabwereza uziupatsa tsiku lothera, apo ayi udzakuitanira ndi anthu amene anamwalira kale."

"Nanga zachikasuzi?"

Anamufotokozera. Nsapato anaseka mpaka kupukuta misozi. "Amayi inu ndinu oopsa!"

"Koma foda iyi," anatero Amayi Halo akugogoda sikirini ndi chala, "uziitsegula Lachisanu lililonse. Muli anthu umu."

"Ndamva, amayi."

Anamvadi zonse, kupatula zimenezo.

Kunyumba kunali kutayamba kale kuda. Diso lamanzere la atelala linafa kalekale, atalasidwa ndi waya. Tsopano la kumanja linayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankabisa. Ankalowetsa ulusi m'singano mopapasa, akuimba mluzu kuti anthu asazindikire. Chinawaulula ndi buluku la aphunzitsi ena, lakuda bii, limene analisoka ndi ulusi wobiriwira kuyambira m'chiuno mpaka m'munsi. Makasitomala anayamba kudutsa pakhonde paja akuyang'ana kumbali.

Ku chipatala chachikulu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, anawauza kuti disolo likhoza kupulumuka. Dokotala wochita opaleshoni imeneyo ankabwera kamodzi pachaka. Anawapatsa Lachiwiri, pa 14 Novembala, nawachenjeza zinthu ziwiri: abwere ndi munthu wowayang'anira kwa sabata yathunthu, ndipo akaphonya tsikulo adikire chaka china, ngati disolo lingadikire nawo. Mwana wawo wamkazi anali wotopa, akuyembekezera tsiku lililonse. Wamwamuna anali kutali, ku ntchito imene sakanaisiya. Wopita nawo anali mmodzi yekha basi. Ndipo pa kampani paja lamulo linali lodziwika ndi aliyense: tchuthi amavomereza ndi Bwana okha, podina batani, ndipo wojomba popanda chilolezo amapeza mlonda atauzidwa kale kuti asamutsegulire geti.

Anatumiza pempho lawo Lolemba, pa 16 Okutobala. Akudina batani lotumizira anachita kuimva imeloyo ikugwa ngati mwala m'chitsime. Ankadziwa kumene yagwera. Chitsimecho anakumba okha.

Anadikira kuti Lachisanu lidutse. Kunali zii. Sabata yotsatira anakwera masitepe.

"Mng'ono wanga, m'foda muja muli imelo yanga."

"Foda iti, amayi?" Nsapato sanachotse maso pa sikirini.

"Usandifunse foda iti ngati unabadwa nayo. Ya Zodikira."

"Oo, ija! Bwana anati ndisamawavutitse nayo. Akuti kale ankadinitsidwa zinthu zambiri osadziwa."

"Ndiye undipezere kamphindi ndiwaone."

Nsapato anawatembenuzira sikirini, mwaulemu ndithu, ndi zala ziwiri. "Onani nokha, amayi."

Lolemba chikasu, Lachiwiri chikasu, mpaka kumapeto kwa mwezi, ngati munda wa mpendadzuwa.

"Ukundionetsa ine zimenezi? Ine?"

"Ndikungotsatira zimene munandiphunzitsa. Khalani pa benchipo, mwina atuluka."

Pa benchipo panali amakaniko awiri, wosesa, ndi dalaivala wamtali uja, amene tsopano ankayenda ndi ndodo.

"Ee, Amayi Halo! Mwasochera?" anafuula iye. "Sunthani inu, alendo akhale. Pano pali mwambo wake, amayi. Mumakhala, mumayang'ana chitseko, kenako mumapita kwanu. Mwabwera ndi kamba?"

"Musandiyambe, bambo."

"Sindikukuyambani, ndikukulandirani. Paja amati chaona mnzako chapita..."

Sanaumalize mwambiwo. Anzake anaumaliza ndi phwete.

Anakhala pamenepo mpaka masana, msana utauma, makutu akutentha. Bwana sanatuluke. Ofesi ija inali ndi masitepe ena kuseri, otsikira kumene ankaimika galimoto yawo, ndipo Amayi Halo ankawadziwa bwino, chifukwa ndi iwo amene ankapita kukaona ngati njira ili yoyera. Tsiku lina anakabisala kumeneko. Bwana anatsika foni ili kukhutu, anawakwezera dzanja ngati wapolisi woimitsa njinga, analowa m'galimoto, galasi n'kukwera. Amayi Halo analembanso imelo ina, mochenjera, yopanda mawu aja atatu. Mutu wake anangoti "Diso la amuna anga." Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Bwana alandira uthenga wanu ndipo akuyankhani posachedwa." Mawu amenewo anawapeka ndi iwo, zaka zambiri zapitazo, ndipo ankanyadira kuti ndi aulemu.

Madzulo ankafika kunyumba akuphulika. Mbale zinkalira, zitseko zinkalira, mphaka anasamuka.

"Mtima pansi, Halo," anatero atelala tsiku lina, atakhala pafupi ndi makina awo ovundikiridwa ndi nsalu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Maso a nkhono ndiwatani ine? Ndikufuna anuwo aone. Dzulo mwathira mchere m'tiyi."

"Ndimayesa kakomedwe kena."

"Muziseka inu. Munthu uja ndamutchingira ngati khoma. Akazi ake akamufuna, wonama ndine. Antchito akamufuna, wotukwanidwa ndine. Iye mapazi pa desiki! Lero sangandipatse nthawi yoti ndinene chiganizo chimodzi?"

"Ndipita ndekha. Basi ili ndi dalaivala wake, sindikayendetsa ndine."

"Mukatsika akakuwolotseni msewu ndani? Nkhono?"

Atelala anapapasa pa tebulo kufuna kapu yawo, naigwetsa. Tiyi ankadontha pansi onse awiri akumva.

Lachisanu, pa 10 Novembala, linali tsiku lomaliza la ntchito ulendo usanachitike, pakuti basi inali ya Lolemba m'mawa. Amayi Halo anayatsa kompyuta ya pa desiki yawo. Pempho lawo linali likadali pomwepo, losayankhidwa. Anatsegula kalendala ya Bwana. Kuyambira m'mawa mpaka masana panali chikasu chimodzi chachitali: "Kuunika ntchito." Anachiyang'ana. Foni ya pa desiki inayamba kulira. Anaisiya ikulira, nakwera masitepe.

Benchi inali yodzaza. Nsapato atangowaona nkhope anaimirira, natambasula manja pa chitseko cha galasi.

"Amayi, ayi. Lero ndi weniweni."

"Mawu amenewo ndinkawanena iwe ukadali pa sukulu."

"Ndikunena zoona, amayi, chonde! Muli alendo!"

"Alendo ake ndi nyuzipepala. Choka."

Anamukankhira kumbali, nakankha chitseko, ndipo pakamwa panayamba maso asanaone kanthu.

"Bwana, valani nsapato mundimvere! Msonkhano wanu wabodzawu ndinaupanga ndine. Mtundu ndinasankha ndine, mutu ndinalemba ndine. Zaka zonsezi mwabisala kuseri kwa chikasu anthu akuvunda pa benchi, ndiye lero mufuna mubisalire ine? Amuna anga akuchita khungu!"

Apo m'pamene anaona. Bwana anali chiimire, nsapato kuphazi, tayi pakhosi. Pa tebulo panali makapu atatu a tiyi. Pampando wa alendo panakhala mayi wachikulire wa magalasi, mwini wake wa kampaniyo, ndipo pambali pake mlongo wake amene ankayendetsa naye zinthu. Anabwera kudzaona m'mene ntchito ikuyendera. Bwana sanafune kuti antchito adziwe, kuopa kuti angawatchingire alendowo ndi madandaulo, choncho anawalowetsera masitepe a kuseri, namuuza Nsapato kuti msonkhanowo aupake chikasu, mtundu umene aliyense anali atatopa kuuyang'ana.

Chitseko chinali chikadali chotsegula. Pa benchi panalibe wotsokomola.

Mwini kampani anavula magalasi. "Pitirizani, amayi. Msonkhano wabodza uti?"

Pamenepo akanatha kugwada, kunena kuti mutu wawazungulira, kupepesa n'kutuluka chafutambuyo. Koma mkwiyo wa mwezi wathunthu sutha ndi kapu za tiyi zitatu. Ananena zonse: za mitundu, za foda, za benchi, za diso.

Bwana anamvetsera mutu atapendeketsa, ngati munthu ali m'tchalitchi. Atatha, anapuma mozama.

"Ndadabwa kwambiri," anatero. "Ine kalendala sindiigwira, amayi akudziwa. Pamene amadina sindipadziwa n'komwe. Tiyeni tione limodzi." Anatembenuza kompyuta yawo, natsegula chikasu chimodzi cha chaka chatha, china cha chaka chinacho. Pansi pa chilichonse kompyuta inali italemba dzina la amene anachiika. Linali dzina lenileni la Amayi Halo, lija anthu anaiwala. "Ndinkadabwa kuti antchito anga sabwera kudzandiona. Ndinkayesa onse ndi okhutira."

"Bwana! Mukunena zimenezi pamaso panga? Munandiuza inu, chitseko chili chotseka!"

"Ilipo imelo imene ndinakulemberani choncho?"

Panalibe. Munthu wosagwira kalendala ankadziwa bwino zimene sayenera kulemba.

"Koma za diso, amayi, bwanji osandiuza? Inenso ndine munthu." Anamuitana Nsapato, amene analowa nsapato zake zisakulira, natsegula foda ija. Bwana anadina batani alendo akuona. "Basi, zatheka. Pitani mukasamalire bambo. Mukawapatse moni."

Chimene Amayi Halo anachifuna kwa mwezi wathunthu chinatheka mofulumira kuposa kuyetsemula. Anafuna kutola kapu imodzi n'kuiponya kukhoma. Anatembenuka, natuluka.

Anthu a pa benchi anawapatsa njira. Dalaivala wamtali uja sanaseke. Anaimirira pang'onopang'ono, atatsamira ndodo.

"Ndiye kuti tsiku lija analimo?"

"Analimo."

"Ali okha?"

"Ali okha."

Iye anagwedeza mutu, nayang'ana kumbali. Amayi Halo akanakonda akanawatukwana.

Asanaweruke tsiku lomwelo imelo inafika. Anaimitsidwa ntchito podikira kafukufuku, pa mlandu wodzaza kalendala ya kampani ndi misonkhano yabodza ndi kutsekereza mauthenga a antchito anzawo. Chigamulo chowachotsa ntchito chinadzabwera pa 30 Novembala, koma iwo anachidziwa Lachisanu lomwelo, akutola kapu yawo ndi juzi ya pampando. Nsapato anangochenjezedwa, poti anali watsopano ndipo anasocheretsedwa ndi womuphunzitsa. Bwana alipobe mpaka lero. Eni kampani anawayamikira chifukwa chogwira nkhaniyo modekha.

Kunyumba za ntchito anazibisa. Anangoti tchuthi chatheka, nayamba kulongedza. Lolemba anakwera basi, atelala atawagwira pa chigongono. Ulendo wonse Amayi Halo ankangoyang'ana pawindo, akukangana ndi Bwana mumtima. Mayankho abwino onse ankabwera tsopano, pamene panalibe woti awamve.

Opaleshoni inachitika Lachiwiri monga anawauzira. Amayi Halo anadikira pa benchi ya m'khonde la chipatala, chikwama pamiyendo. M'mawa mwake namwino anabwera ndi kambale kachitsulo, nayamba kumatula bandeji pang'onopang'ono.

"Musathamange, agogo. Tsegulani pang'ono. Mukuona chiyani?"

Atelala anaphethira. Misozi inatsika. Anayang'ana denga, anayang'ana zala zawo, anayang'ana yunifolomu ya namwinoyo.

"Kolala yanuyi anakusokerani ndani? Yapendama."

"Aona amenewa," anatero namwino akuseka, napita kwa wodwala wina.

Kenako atelala anatembenukira kwa akazi awo, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Halo, nkhope imeneyi ndi imene ndakhala ndikudya nayo miyezi yonseyi? Wakulakwirani ndani chonchi?"

"Ntchito yatha."

"Yatha bwanji? Si munati tchuthi chatheka?"

"Chatheka. Ndi ntchito yomwe."

Atelala anatambasula dzanja kuti awagwire, ndipo ulendo uno silinapapase, linafika pomwe ankafuna. Amayi Halo sanalikane, koma nkhope sinamasuke.

"Musalire, dokotala wakaniza," anatero Amayi Halo. "Diso limeneli ladya ntchito yanga yonse. Muliyang'anire bwino. Ndikadzakuonaninso mukusoka buluku lakuda ndi ulusi wobiriwira, mudzandidziwa."